Pusi ndi nkhono ya m'nyanja: woopsa ndani pa umoyo wathu?

Tsiku lina Lolemba m'mwezi wa Marichi, chimanga chitayamba kukhwima, pabenchi ya chipatala chomwe ndimagwirako ntchito m'boma la Dedza panakhala ana awiri a msinkhu wofanana. Woyamba anali mtsikana wa zaka 9. Anabwera atamangidwa nsalu padzanja, amayi ake ali wefuwefu, ndipo pambuyo pawo panali agogo ndi amalume a mwanayo. Pusi anali atamukanda ndi kumuluma pamene ankamuthamangitsa m'munda wa m'mphepete mwa phiri. Izi zinachitika cha m'ma 6 koloko, ndipo pofika 8 koloko anali kale pamaso panga.

Wachiwiri anali mnyamata wa zaka 11. Iyeyu sanabwere ngati wodwala, anangoperekeza mng'ono wake yemwe ankatsokomola. Nditaona kuti m'maso ndi m'manja mwake ndi moyera, ndinamufunsa mafunso angapo. Pamapeto pake anavomera, akuyang'ana pansi, kuti akamataya madzi madontho omaliza amatuluka ofiira. Ndinafunsa bambo ake kuti zinayamba liti.

"Adokotala, izi ndi za chaka chatha, titabwerako kokolola mpunga ku Golomoti. Koma mwanayu sadandaula kwenikweni. Ifenso tinkakodza magazi tili anyamata, nanga si tilipo mpaka lero?" anatero bambowo.

Mwana mmodzi anafika kuchipatala patangotha maola awiri, pomwe mnzake anakhala ndi vuto lake miyezi yambiri osauzako aliyense wachipatala. Banja la mtsikanayo linachita bwino kwambiri kuthamangira kuchipatala, ndipo ndikufuna aliyense azichita chomwecho. Chimene chinandikhudza ndi chakuti tonse timadziwa kuopa pusi chifukwa timamuona ndiponso ali ndi mano, koma kankhono kam'madzi, komwe kanayambitsa vuto la mnyamatayo, ambiri sitikawerengera n'komwe. Lero tiyeni tiike zamoyo ziwirizi pa sikelo imodzi.

Boma limodzi, nyengo ziwiri

Dedza ili ngati nyumba yosanja. Kumtunda kuli mapiri ozizira, kumene Phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo anthu a ku Bembeke ndi madera ena amalima mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba. Mukatsika msewu wa Khwekhwerere mumafika kuchigwa chotentha cha Golomoti ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, mpaka kunyanja ya Malawi, yomwe ili mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kuchigwako kuli sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ya mahekitala pafupifupi 800.

Pusi timamupeza m'nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima ndi Mua-Livulezi komanso m'minda yoyandikana nazo. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi ofunda, odekha kapena oyenda pang'onopang'ono: m'ngalande za mthirira, m'madamu, m'maiwe, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'nyanja. Anthu athu amayenda pakati pa madera awiriwa chaka chonse, ena kukaoda usipa, ena kuganyu yampunga, ena kukaona abale.

Pusi ndi ndani?

Asayansi amamutchula Chlorocebus pygerythrus. Ndi wamng'ono poyerekeza ndi nyani. Wamwamuna amalemera makilogalamu pakati pa 4 ndi 8, pomwe wamkazi ndi wopepukirapo. Nkhope yake ndi yakuda, yozunguliridwa ndi ubweya woyera, ndipo ali ndi timatumba m'masaya momwe amasungamo chakudya pothawa. Ndi chifukwa chake amatha kukolola zambiri m'kanthawi kochepa.

Apusi amakhala m'magulu a pakati pa 10 ndi 50. Aakazi amakhala m'gulu lomwe anabadwiramo moyo wawo wonse, ndipo aamuna akakula amachoka kukalowa gulu lina, pafupifupi ngati chikamwini chathu. Bere la pusi limatenga miyezi isanu ndi theka ndipo kawirikawiri amabala mwana mmodzi, yemwe amayamwa ndi kukakamira pamimba pa amake.

Nzeru za pusi zinadabwitsa asayansi. Mu 1980, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anafalitsa zomwe anapeza ku Amboseli m'dziko la Kenya. Anaona kuti apusi ali ndi kaliridwe kosiyana pochenjezana za adani osiyana. Akamva kulira kochenjeza za kambuku amakwera mumtengo. Akamva kwa chiwombankhanga amayang'ana kumwamba ndi kubisala m'tchire. Akamva kwa njoka amaimirira ndi miyendo iwiri n'kumayang'ana pansi. Mlimi aliyense amene anadikirirapo munda amadziwa kuti apusi amasiyanitsa munthu wonyamula legeni ndi mwana wopanda kanthu m'manja.

Nanga nkhono?

Choyamba, si nkhono iliyonse imene imafalitsa likodzo. Zikuluzikulu zija timaziona zikukwawa pabwalo nthawi ya mvula zilibe mlandu pa nthendayi. Zoyenera kuzidziwa ndi ting'onoting'ono ta m'madzi, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.

Mtundu woyamba ndi Bulinus. Chigoba chake ndi chozungulira chosongoka pang'ono, ndipo mukachigwira nsonga ili m'mwamba, khomo likuyang'ana kwa inu, khomolo limakhala kumanzere, pomwe nkhono zambiri limakhala kumanja. Bulinus globosus imapezeka m'mitsinje, m'maiwe ndi m'malo a udzu m'mphepete mwa nyanja. Bulinus nyassanus imapezeka m'nyanja ya Malawi yokha, ndipo imakhala pamchenga wa pansi pa madzi, nthawi zambiri itadzikwirira pang'ono. Mtundu wachiwiri ndi Biomphalaria, wa chigoba chaphwatalala ngati batani la malaya. Bulinus imafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, Biomphalaria imafalitsa likodzo la m'matumbo.

Pusi amafunika wamwamuna ndi wamkazi kuti abereke, ndipo amalera mwana mmodzi pachaka. Nkhono imodzi ili ndi ziwalo zonse ziwiri, zachimuna ndi zachikazi, moti ikasowa inzake imatha kubereka yokha. Imaikira mazira m'timagulu pa masamba ndi pa zinyalala za m'madzi, ndipo amaswa patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Dziwe likauma m'chilimwe, Bulinus globosus imatha kubisala m'matope n'kudikira mvula. Choncho nkhono zochepa zopulumuka zimakwanira kudzazanso dziwe lonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe awiriwa amafanana. Nkhono zambiri zilibe magazi ofiira, koma za banja la Bulinus ndi Biomphalaria zili ndi magazi ofiira chifukwa cha himogulobini, chinthu chomwenso chimafiiritsa magazi a pusi ndi a munthu. Izi zimazithandiza kukhala m'madzi omwe muli mpweya wochepa.

Zimene pusi angatipatse

Kulumidwa kapena kukandidwa ndi pusi si nkhani yamasewera. M'kamwa mwa nyama muli mabakiteriya omwe angachititse chilonda kutukusira, ndipo chilonda chakuya chingalowetse kafumbata. Choopsa kwambiri ndi chiwewe. Nyama iliyonse yoyamwitsa ingathe kudwala chiwewe, ndipo munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zake, pafupifupi nthawi zonse amamwalira. Komabe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa agalu. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo gwero lalikulu ndi galu wosabayitsa wa pakhomo pathu pomwe.

Mbiri ya zachipatala ili ndi nkhani imodzi yodziwika yokhudza apusi. Mu 1967, apusi ochokera ku Uganda anatumizidwa m'malabotale a ku Marburg ndi Frankfurt m'dziko la Germany komanso ku Belgrade. Ogwira ntchito omwe anakhudza magazi ndi ziwalo za apusiwo anadwala nthenda yachilendo yotulutsa magazi. Anthu 31 anadwala ndipo 7 anamwalira. Nthendayo inatchedwa Marburg, ndipo ndi yomweyo inabuka m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kachilomboko kwawo kwenikweni ndi m'mileme yodya zipatso, apusiwo anangokatenga ngati mmene anthu anakatengera.

Ena amati HIV inachokera kwa apusi athuwa. Zoona zake n'zakuti apusi ambiri ali ndi kachilombo kachibale kotchedwa SIV, komwe sikawadwalitsa, koma HIV-1 yomwe inafala padziko lonse inachokera kwa anyani akuluakulu otchedwa chimpanzee a m'nkhalango za pakati pa Africa, omwe ku Malawi kulibe. Phunziro lake ndi limodzi ndi la Marburg: ngozi yaikulu imakhala pogwira magazi ndi nyama yaiwisi ya nyama zakutchire, posenda ndi pokonza.

Tikaphatikiza zonsezi, pusi ndi woyenera kusamala naye. Koma amene amadwalitsidwa ndi pusi ndi okhawo omwe walimbana nawo kapena omwe amugwira, ndipo amadziwa tsiku ndi ola lomwe zachitika.

Ulendo wa likodzo

Nkhono siluma, ilibe poizoni, ndipo kuigwira pakokha sikudwalitsa. Mlandu wake ndi wosunga mlendo. Mlendoyo ndi nyongolotsi yotchedwa Schistosoma, ndipo ulendo wake umayambira kwa munthu.

Munthu wodwala likodzo akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, amatayiramo mazira a nyongolotsiyi. Mazirawo amaswa, ndipo timphutsi totulukamo timakhala ndi maola ochepa oti tipeze nkhono yoyenera. Tikalephera timafa. Kamodzi kakalowa m'nkhono kamachulukana, ndipo pakatha masabata 4 mpaka 6 nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tamichira tambirimbiri, tosaoneka ndi maso. Timatuluka kwambiri masana dzuwa likatentha, nthawi yomwe ana amasambira ndipo amayi amachapa.

Tizilomboti timaboola khungu labwinobwino m'mphindi zochepa. Sipafunika chilonda ndipo munthu samva kuwawa, kupatula kuyabwa pang'ono kwa ena. Tikalowa timayenda m'magazi, kudutsa m'mapapo, n'kukakulira m'mitsempha ya m'chiwindi. Kumeneko yaimuna ndi yaikazi zimagwirana, yaimuna itafungatira yaikazi, n'kusamukira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo. Nyongolotsi yaikulu imatalika sentimita imodzi kapena awiri, imakhala moyo zaka 3 mpaka 5, zina kupitirira apo, ndipo yaikazi imaikira mazira mpaka mazana tsiku lililonse.

Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anayamba kuona nyongolotsizi m'thupi la munthu ku Cairo mu 1851. Koma panapita zaka zoposa 60 anthu asanadziwe mbali ya nkhono. Asayansi a ku Japan anaitulukira mu 1913, ndipo Robert Leiper anatsimikiza ku Egypt mu 1915 kuti likodzo la m'chikhodzodzo ndi la m'matumbo zimadutsira m'nkhono zosiyana. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene mazira amachita m'thupi

Chomwe chimadwalitsa kwambiri ndi mazira. Dzira lililonse lili ndi kaminga, ndipo limaboola khoma la chikhodzodzo kapena la matumbo kuti lituluke. Magazi a m'mkodzo amachokera pamenepo. Mazira ambiri satuluka, amakanirira m'minofu, ndipo thupi polimbana nawo limapanga zipsera zomwe zimaunjikana chaka ndi chaka.

Kwa mwana, zotsatira zake ndi kuchepa magazi, kufooka, kupinimbira ndi kusachita bwino m'kalasi. Kwa wamkulu amene wakhala nalo nthawi yaitali, zipsera zimatha kutseka njira zochokera ku impso mpaka impso kuwonongeka, ndipo likodzo la m'chikhodzodzo limadziwika kuti limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Likodzo la m'matumbo limabweretsa kupweteka m'mimba, kutsegula kwa magazi, ndipo pakapita zaka chiwindi chimauma, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, mwinanso munthu kusanza magazi. Mwa apo ndi apo mazira amasochera kumsana n'kupuwalitsa miyendo.

Mbali ina yomwe sitiikamba mokwanira ndi ya ziwalo zoberekera. Mwa amayi ndi atsikana, mazira amakanirira m'khomo la chiberekero ndi njira ya abambo. Zizindikiro zake ndi ukazi wachilendo, kuyabwa, kupweteka kapena kutaya magazi pokhala malo amodzi, ndipo ena amavutika kutenga pathupi. Akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali ndi vutoli. Poti zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, mabanja ena amakangana ndi kuganizirana zachiwerewere pamene gwero lake ndi madzi ochapira. Zilonda zoterezi zimawonjezeranso mpata wotenga HIV. Mwa abambo, likodzo lingachititse magazi kuoneka mu umuna.

WHO inati mu 2021 anthu oposa 251 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo pa anthu 10 alionse oterewa, 9 ali mu Africa. Palibe nthenda yochokera kwa pusi imene imayandikira chiwerengero chimenechi.

Kodi kumapiri kuno likodzo liliko?

Odwala ambiri amandifunsa funso limeneli. Kuzizira kumathandiza ndithu, chifukwa nkhono ndi tizilomboti zimakula pang'onopang'ono m'madzi ozizira. Koma musadzinamize kuti ndinu otetezeka chifukwa mumakhala kumtunda. Ulendo umodzi wokasambira kunyanja, sabata imodzi ya ganyu m'munda wa mpunga, kapena kuwoloka ngalande wopanda nsapato, n'zokwanira. Komanso wobwerako ndi nyongolotsi akakodzera m'damu kapena m'dziwe la kudimba momwe muli nkhono zoyenera, nthendayo imatha kukhazikika pomwepo, makamaka miyezi yotentha.

Pusi nayenso sali kunja kwa nkhaniyi. Ku Kenya, Tanzania ndi Ethiopia asayansi anapeza anyani ndi apusi akutchire ali ndi likodzo la m'matumbo, lomwe analitenga m'madzi ngati mmene ife timalitengera. Ndiye kuti pakati pa awiriwa, nkhono ingathe kudwalitsa pusi, pomwe pusi alibe chomwe angaichite nkhono.

Nsomba zikachepa, nkhono zimachuluka

Kale anthu ankakhulupirira kuti malo a mchenga woyera a m'nyanja ya Malawi, opanda udzu ndi bango, alibe likodzo. Kafukufuku wa Henry Madsen wa ku Denmark ndi Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, yemwe anachitika m'dera la Nankumba ku Mangochi, anasintha maganizowa. Mu 2001 anatsimikiza kuti Bulinus nyassanus, nkhono ya pamchenga ija, imafalitsa likodzo. Anaonanso kuti nsomba zodya nkhono, makamaka ya mtundu wa Trematocranus placodon, zinachepa kwambiri m'madzi osaya chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, ndipo kumene nsombazi zinachepa nkhono zinachuluka.

Apa ndi pamene khoka la maso ang'onoang'ono limakhudzira chipatala. Wophera nsomba neti yogonamo amataya kawiri: usiku banja lake lilumidwa ndi udzudzu, ndipo masana wakokolola tiana ta nsomba zomwe zikanadya nkhono.

Zinthu zikusinthabe. Mu 2017, asayansi a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a ku Malawi anapeza nkhono za Biomphalaria pfeifferi m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kumene kale sizinkadziwika, ndipo atayeza ana asukulu a m'deralo anapeza kuti likodzo la m'matumbo layamba kufala. Gombe la Dedza lili kum'mwera komweko kwa nyanja, choncho nkhaniyi ndi yathunso.

Msuweni wake wa m'nyanja yamchere

M'Chichewa mawu oti nyanja amatanthauza yathuyi komanso yamchere, koma nkhono zake n'zosiyana. M'madzi amchere mulibe likodzo. Komabe abale athu omwe amapita ku Nacala, Pemba kapena Beira ayenera kudziwa nkhono ina ya m'nyanja ya Indian Ocean yotchedwa Conus. Chigoba chake ndi chokongola, chamawangamawanga, chooneka ngati chitsononkho chosongoka mbali imodzi. Mitundu yake ilipo mazanamazana.

Nkhono imeneyi ndi mlenje. Ili ndi dzino longa muvi lomwe imalasira nsomba, nyongolotsi kapena nkhono zinzake, n'kuthiramo poizoni wowumitsa thupi. Mtundu wa Conus geographus ndiwo wapha anthu ambiri mwa omwe analembedwa kuti anafa atalasidwa ndi nkhonozi, ndipo mankhwala othetsa poizoni wake palibe. Wolasidwa amafunika kumuthandiza kupuma kuchipatala mpaka poizoniyo atatha mphamvu. Langizo ndi losavuta: musatole chigoba chotere m'madzi ndi manja, ndipo musachiike m'thumba. Komabe anthu onse omwe analembedwa kuti anaphedwa ndi nkhono yapoizoniyi m'mbiri yonse ndi makumi ochepa chabe, pomwe likodzo lodutsira m'kankhono kathu kopanda poizoni limapha anthu zikwizikwi chaka chilichonse.

Onse awiri atithandizapo

Tisamalize ngati kuti zamoyozi ndi adani okhaokha. Mu 1962, asayansi a pa yunivesite ya Chiba ku Japan anatenga maselo a impso ya pusi wa mtundu wachibale ndi wathuyu n'kuyamba kuwakulitsa mu labotale. Maselowo, otchedwa Vero, akuchulukanabe mpaka lero ndipo amagwiritsidwa ntchito popanga katemera wa poliyo, mitundu ina ya katemera wa chiwewe, komanso katemera wa rotavirus woteteza ana ku matenda otsegula m'mimba, yemwe dziko la Malawi linayamba kupereka mu 2012. Ana athu ambiri atetezedwa ndi mphatso ya pusi mmodzi.

Poizoni wa nkhono ya Conus nayenso anasanduka mankhwala. Kafukufuku wa gulu la Baldomero Olivera pa yunivesite ya Utah anatsegula njira yopangira ziconotide, mankhwala a ululu waukulu wosamva mankhwala ena, ochokera ku poizoni wa Conus magus. Dziko la America linawavomereza mu 2004. Ngakhale Bulinus ili ndi ntchito yake m'chilengedwe: imadya ndere ndi zomera zowola ndipo ndi chakudya cha nsomba. Nkhono yomwe sinalandire mazira ochokera kwa munthu kapena nyama yodwala singadwalitse aliyense.

Zoyenera kuchita

Pusi, galu kapena nyama ina ikakulumani kapena kukukandani, tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15. Musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala azitsamba, ndipo musachimange mothina. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati mukufunika katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata, ndipo mukayamba katemera mumalize masiku onse omwe mwauzidwa. Musatume ana aang'ono okha kukadikirira munda. Musadyetse apusi, chifukwa akazolowera anthu ndi pamene amayamba kulanda ndi kuluma. Kuweta pusi pakhomo popanda chilolezo n'kosemphana ndi malamulo a nyama zakutchire, ndipo mukapeza wovulala kapena wamasiye dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire. Agalu abayitseni chaka chilichonse.

Pa likodzo, magazi m'mkodzo si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Ndi nthenda, ndipo imachizika. Kuchipatala timayeza mkodzo ndi kapepala kosintha mtundu kapena kuyang'ana mazira pa maikulosikopu. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi yomwe mazira amatuluka ambiri. Pa likodzo la m'matumbo timayeza chimbudzi.

Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu. M'sukulu, alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi oyenera mwana aliyense. Mankhwalawa amwedwe munthu atadya. Ena amamva nseru, chizungulire kapena kupweteka m'mimba kwa maola ochepa, makamaka omwe ali ndi nyongolotsi zambiri kapena amwa ndi njala, ndipo zimenezi zimatha zokha. Makolo, tsiku logawa mankhwala kusukulu mupatseni mwana phala kapena mbatata asananyamuke, m'malo momuuza kuti ajombe. WHO imavomereza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa alandire mankhwalawa motsogozedwa ndi achipatala.

Dziwaninso malire a praziquantel. Amapha nyongolotsi zazikulu koma sagwira bwino zomwe zikadali zazing'ono, choncho amene wangolowa kumene m'madzi angafunike kumwanso pakapita masabata angapo. Sateteza kutenganso nthendayi, ndipo zipsera zakalekale sizichoka zonse. Ndi chifukwa chake kuchiza msanga ndi kulandira mankhwala nthawi iliyonse akamagawidwa n'kofunika.

Madzi osamba ndi ochapira otungidwa kumtsinje kapena kunyanja, asungeni m'ndowa masiku awiri musanawagwiritse ntchito, chifukwa tizilombo tamichira tija sitikhala moyo kupitirira pamenepo tikapanda kupeza munthu. Kuwawiritsa kapena kuthiramo klorini kumathandizanso. Olima mpunga avale majombo ngati angathe, ndipo ngalande zilambulidwe kuti madzi aziyenda. Koposa zonse, tigwiritse ntchito chimbudzi, kumunda ndi kugombe komwe. Mazira akapanda kufika m'madzi, ulendo wonse wa likodzo umathera pomwepo.

Ana awiri aja

Mtsikana uja tinamutsuka chilonda, analandira katemera, ndipo amayi ake anamubweretsa masiku onse omwe tinawauza. Dzanja linapola, panangotsala kachipsera. Mnyamata uja mkodzo wake unapezeka ndi mazira a likodzo, ndipo magazi ake anali ochepa. Tinamupatsa praziquantel atadya, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Atabweranso patatha mwezi, mkodzo unali utayera.

Tsiku limenelo bambo ake anatsalira pakhomo ana atatuluka. Anafunsa motsitsa mawu ngati munthu wamkulu angayezetsenso, chifukwa kwa zaka zingapo akhala akumva kuwawa pansi pa mchombo pokodza. Tinawayeza, ndipo nawonso anapezeka nalo. Analandira mankhwala, ndipo tinawatumiza kukajambulitsa chikhodzodzo ndi impso kuti tione ngati zaka zonsezo zinasiya zipsera.

Potsanzikana anandiuza kuti mpunga ukacha atsikanso kuchigwa, chifukwa ganyu imeneyo ndi yomwe imagulira ana mayunifolomu ndi makope. Sindinawaletse, poti munthu sangasiye ntchito yomudyetsa. Tinagwirizana kuti agule majombo, ana azisamba madzi ogonera m'ndowa m'malo mosambira m'ngalande, ndipo akabwerako banja lonse lidzabwere kudzayezetsa, ngakhale mkodzo utaoneka woyera.